Kalata imene sindinawakonzere achemwali

Achemwali amakonda kuimba foni Lamlungu madzulo. Amayamba ndi kufunsa ngati magetsi alipo ku Blantyre, kenako za amayi, kenako timiseche ta pachibale. Lamlungu lina mu Epulo 2024 sanafunse za magetsi. Anangoti, "Uli wekha?"

Ndinali ndekha m'kanyumba kanga ka lendi ku Chilomoni.

"Andipeza ndi khansa ya m'mawere," anatero. "Usawauze kaye amayi. Ndiwauza ndekha."

Nditadula foni ndinalira. Koma ndikuuzeni zoona, ngakhale zimandichititsa manyazi: mkati mwa kulirako munali kafunso kena komwe ndinkayesa kukathamangitsa koma sikankachoka. Nanga fizi ya teremu ikubwerayi? Nanga mankhwala a BP a amayi? Ngati muli ndi m'bale wakunja amene banja lonse limatsamira pa iye, mukudziwa chimene ndikunena. Munthu mmodzi akadwala ku Leeds, kutentha thupi kumakamvekera ku Chiradzulu.

Achemwali anapita ku England mu 2016 kukaphunzira, ndipo atamaliza anapeza ntchito mu ofesi yowerengera ndalama pakampani ina mumzinda wa Leeds. Bambo anatisiya kale, ndiye mzati wa nyumba yathu unali iwowo. Ndi iwo anandilipirira ku yunivesite ku Zomba mpaka ndinavala gauni. Mwezi ndi mwezi ankatumiza ya mankhwala ndi ndiwo kwa amayi, ya fizi ya mlongo wathu wamng'ono yemwe anali kusekondale yogonera komweko, ndipo nthawi ya dzinja ikamayandikira ankawonjezera ya feteleza. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, shuga, mafuta ophikira ndi feteleza zinakwera moti mapaundi awo ndi amene ankatipumitsa. Ineyo ndimagwira ntchito yolemba nkhani ndi zotsatsa malonda za pa intaneti. Dzina la ntchitoyo limamveka bwino, koma malipiro ake akafika pa 20 amakhala atatsanzika.

Ambiri timaganiza kuti munthu akadwala ku Britain zonse zimayenda zokha. Mbali ina ndi zoona. Opaleshoni, chemotherapy ndi madokotala onse anali a NHS, ndipo achemwali sanalipire kalikonse kuchipatala. Koma chipatala sichilipira lendi. Sichigula chakudya, sichilipira magetsi ndi gasi, sichilipira msonkho wa khonsolo. Zimenezo zimadikira malipiro, ndipo malipiro amadikira munthu wopita kuntchito.

Anayamba tchuthi cha matenda pakati pa Meyi. Kontirakiti yawo inkati kampani iwapatsa malipiro athunthu kwa masabata 12. Akatha amenewo, chotsala ndi kandalama kamene lamulo la kumeneko limakakamiza olemba ntchito kupereka, kotchedwa Statutory Sick Pay. Chaka chimenecho kanali £116.75 pa sabata, ndipo kamaperekedwa kwa masabata osapitirira 28. Mukawerengera, ndi pafupifupi £500 pamwezi. Lendi yokha ya achemwali inali £750.

Pofika mu Ogasiti, malipiro athunthu anatha. Tsitsi linali litathothoka, chakudya chinkawanyansa, ndipo madokotala anali atanena kuti chithandizo chipitirira mpaka chaka chinacho. Amayi nawo anali atamva, ndipo foni iliyonse ankabwereza mawu amodzimodzi: "Mwana wanga, bwera kuno. Munthu sadwalira pakati pa alendo. Bwera ndidzakuphikire phala."

Ndiye usiku wina ndinalandira uthenga pa WhatsApp. "Iwe wolembawe, tandikonzereko Chingerezi apa. Mutu sukugwira." Pansi pake panali kalata yosiya ntchito.

Ndinawaimbira nthawi yomweyo. Maganizo awo anali oti asiye ntchito, kampani iwalipire masiku a tchuthi omwe anali asanatenge, abweze nyumba, akagone kwa mnzawo mpaka chithandizo chithe, kenako abwere kumudzi. Koma chenicheni chinatuluka pamapeto. "Ndikuchita manyazi," anatero. "Anthu akundigwirira ntchito yanga, ine ndili gone. Kuli bwino ndichoke ndekha ndi mbiri yabwino kusiyana ndi kudikira kuti andichotse."

Ndinawamvetsa. Tinaleredwa choncho. Kudya za munthu usanamugwirire ntchito kumatiyabwa, ngakhale zitakhala kuti ndi zathu ndithu.

Ndinavomera kukonza kalatayo, koma panali mpata umodzi womwe sanalembe: notisi ya masabata angati. Iwo sankakumbukira. Ananditumizira kontirakiti yawo pamodzi ndi buku la malamulo a pakampani kuti ndifufuze ndekha. Usiku umenewo magetsi anali atathima, foni ili ndi moto wochepa, bandulo nayo ikupita kumapeto. Za notisi ndinazipeza msanga. Koma chizolowezi cha ntchito yanga n'chakuti chinthu ndikachiyamba ndimachiwerenga mpaka kumapeto, ndiye ndinapitiriza. Cha kumapeto kwenikweni, pambuyo pa za penshoni ndi za malo oimikapo magalimoto, panali kandime kamutu wakuti Group Income Protection.

Ndinakawerenga katatu. Kenako ndinagula bandulo ina.

Mwachidule, ndi inshuwalansi imene olemba ntchito amagulira antchito awo onse pamodzi. Wantchito sadulidwa kanthu, n'chifukwa chake ambiri sadziwa n'komwe kuti ali nayo. Si inshuwalansi ya kuchipatala, chifukwa silipira dokotala. Si inshuwalansi ya moyo, chifukwa siyembekeza kuti munthu afe. Ntchito yake ndi imodzi: munthu akalephera kugwira ntchito kwa nthawi yaitali chifukwa cha matenda kapena kuvulala, imabwezeretsa gawo lina la malipiro ake mwezi uliwonse. Zilibe kanthu kuti matendawo anawatengera kuntchito kapena ayi.

Ili ndi malamulo ake. Choyamba pali nthawi yodikira, yomwe m'makampani ena imakhala masabata 13, ena 26, ena mpaka 52. Ya achemwali inali masabata 26. Chachiwiri, sibweza malipiro onse. Kawirikawiri imakhala pakati pa theka ndi magawo atatu mwa anayi, ndipo ya iwo inali 60 peresenti. Chachitatu, ili ndi malire: ena amalandira mpaka msinkhu wopuma pantchito, ena zaka zowerengeka, ndipo kwa achemwali zinali zaka zisanu. Ndalamayo kampani ya inshuwalansi imapereka kwa olemba ntchito, iwo n'kuidutsitsa ngati malipiro wamba, msonkho n'kudulidwa. Lamulo la Britain silikakamiza kampani iliyonse kukhala nayo. Ena ali nayo, ambiri alibe.

Ndipo panali chiganizo chimodzi chomwe chinandiimitsa mutu. Chinkati chitetezochi n'cha munthu amene akadali wantchito wa kampaniyo, ndipo chimatha tsiku limene ntchito yatha.

Ndinawerengera pa zala. Kuchokera pakati pa Meyi, masabata 26 amatha pakati pa Novembala. Tinali mu Ogasiti. Kalata imene ndinapemphedwa kuikonza ikanawachotsa pa mndandanda kutangotsala miyezi itatu.

Inali 11 koloko usiku kuno, kwawo 10 koloko. Ndinaimba.

"Achemwali, kalata ija musatumize."

"Bwanji? Chingerezi chaipa kwambiri?"

"Ayi. Tsegulani buku lija, mupite kumapeto."

Panadutsa kanthawi ndikungomva kupuma kwawo. Kenako anaseka, kuseka kwa munthu wotopa. Anati akukumbukira kuti tsiku loyamba ntchito anapatsidwa mulu wa mapepala. Anayang'ana malipiro, anayang'ana masiku a tchuthi, n'kusaina. "Iwe, munthu wa zaka 30 amene wangopeza ntchito amawerenga za kudwala? Ndinkaganiza za malata a nyumba ya amayi."

Tangoganizani: munthu amene ntchito yake ndi kuwerengera ndalama za kampani, amene amaona tambala iliyonse ikasowa, anatha zaka osadziwa kuti ali ndi chinthu chotere. Sikuti ndi wosasamala. Ndi momwe tilili ambirife. Tsamba la malipiro timaliloweza pamtima, la matenda timalidumpha ngati likhoza kutilodza.

Mmawa wake analembera a HR. Yankho linabwera tsiku lomwelo: inde, ali pa inshuwalansiyo, ndipo ndi bwino kuyamba mapepala msanga nthawi yodikira isanathe. Musaganize kuti zinali zophweka. Panali mafomu a kampani, mafomu a iwo eni, chilolezo choti a inshuwalansi aone malipoti a madokotala, ndi zikalata za dokotala zotsimikiza kuti sangagwire ntchito, zomwe zinkafunika kuti zisadukize. Munthu amene akusanza chifukwa cha mankhwala ndi yemweyo ayenera kukumbukira masiku ndi kuyankha maimelo. Mafomu ena tinkadzaza limodzi pa foni, iwo akunena ine ndikulemba. Ndipo palibe amene analonjeza kuti zivomerezedwa. A inshuwalansi amaweruza okha potengera zimene madokotala alemba.

Miyezi itatu yodikirayo inalipobe, ndipo inatiluma tonse. Kumeneko achemwali anadya zonse zimene anasunga. Amalawi anzawo a kutchalitchi ankasinthana kuwabweretsera chakudya ndi kuwaperekeza kuchipatala. Kuno ndalama inasiya kubwera kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri. Fizi ya mlongo wathu ndinakongola ku banki mkhonde ya kuntchito. Amayi anagulitsa mbuzi ziwiri, ndipo chaka chimenecho feteleza tinagula wochepa moti munda wina tinangodzalamo mtedza ndi nandolo.

Koma chovuta kuposa zonsezi chinali kuwauza amayi kuti mwana wawo sabwera. Achemwali analibe mphamvu zokangana, ndiye ananditumira ine. Loweruka ndinakwera minibasi ku Limbe. Ndinawapeza akusola chimanga pakhonde, ndipo nditafotokoza anaika lichero pansi.

"Ndiye kuti ndalama zaposa mayi wake?"

Ndinasowa chonena. Mawu ngati inshuwalansi ndi peresenti ndinaona kuti sakufika. Kenako ndinakumbukira kuti amayi ndi msungichuma wa banki mkhonde ya m'mudzi mwathu.

"Amayi," ndinatero, "munthu atasonkha chaka chonse, n'kutuluka m'gulu kutatsala miyezi itatu kuti mugawane, mungamuuze chiyani?"

"Ndingamuuze kuti wapenga."

"Ndi zomwezo. Abwana awo akhala akuwasonkhera. Kugawana ndi mu Novembala. Akasiya ntchito lero, zonse zitsala."

Anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana kumunda. Kenako anatola lichero lija. "Umuuze azidya. Ndipo akamaimba aziyatsa kamera ndizimuona. Asamandibisire mutu ndi duku, ndinamubereka alibe tsitsi."

Chilolezo cha amayi chinali chimenecho.

Kumayambiriro kwa Novembala kalata inabwera yoti pempho lavomerezedwa. Malipiro a Disembala anali ndi 60 peresenti ija, msonkho utadulidwa. Sizinali zambiri, koma lendi inakwana, chakudya chinakwana, ndipo achemwali anasiya kugona akuwerengera ndalama m'mutu. Khirisimasi isanafike anatumiza kangachepe kwa amayi. Ndinawakalipira kuti asunge, iwo anati, "Ndisiye, ndimve kuti ndikadali munthu." Pamenepo ndinazindikira kuti chimene inshuwalansiyo inateteza si lendi yokha.

Chinanso chomwe sindinkadziwa n'chakuti inshuwalansi yotere imathandiza munthu kubwerera kuntchito pang'onopang'ono. Mu Malichi 2025 achemwali anayamba kupita masiku awiri pa sabata. Kampani inkawalipira masiku awiriwo, a inshuwalansi n'kuwonjezera gawo la masiku otsalawo. Kenako atatu, kenako anayi. Pano abwerera kwathunthu pa desiki yawo yomwe ija. Akumwabe mankhwala ndipo amapitabe kukapimidwa, koma ntchito ali nayo. Akanatumiza kalata ija, bwenzi pano akufunafuna ntchito ndi mbiri ya matenda kumsana.

Sindikufuna kukunamizani kuti zonse zinatha bwino. Amayi sanamuphikire mwana wawo phala. Miyezi khumi imene iye anafuna kwambiri dzanja la mayi ake, anali ndi kamera ya foni basi. Nkhani imeneyi amayi amaikumbukabe, ndipo akaiyamba ine ndimangokhala chete chifukwa akunena zoona. Inshuwalansi imalipira lendi, koma sisisita munthu kumsana. Tinasankha chimodzi n'kutaya china, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti tinasankha bwino, ngakhale kuti zinawawa.

Zonsezi zitadutsa, ndinachita chinthu chimene ndinayenera kuchita kalekale: ndinatsegula kontirakiti yanga. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Lamulo la ntchito la dziko lino, la chaka cha 2000, limati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha masabata anayi pa malipiro athunthu ndi masabata asanu ndi atatu pa theka la malipiro m'chaka, akaonetsa chikalata cha dokotala. Onse pamodzi ndi masabata 12. Olemba ntchito akhoza kupereka zoposa pamenepo, koma kontirakiti yanga inangokopera lamulolo ndendende. Achemwali anakhala miyezi khumi. Ine ndikanakhala iwo, pofika mwezi wachinayi bwenzi ndilibe kanthu.

Ndinapita kwa mayi wa HR kuntchito kwathu. Atamva funso langa anandiyang'ana modandaula. "Mukufunsiranji, asisi? Mukudwala?" Ndinati ayi, ndili bwinobwino, n'chifukwa chake ndikufunsa pano. Anaseka, kenako anandifotokozera bwinobwino. Tili ndi sikimu ya chipatala, yomwe imalipira dokotala ndi mankhwala mpaka pa malire ake, koma siipereka ndalama ya m'thumba. Tili ndi penshoni, momwe ine ndimasonkha 5 peresenti ndipo kampani imasonkha 10 peresenti monga lamulo linenera. Pamodzi ndi penshoniyo pali inshuwalansi ya moyo, yoti ndikamwalira ndili pantchito abale anga alandire ndalama yosachepera malipiro anga a chaka chimodzi. Palinso lamulo la chipukutamisozi, koma limenelo limagwira ntchito ngati wavulala kapena wadwala chifukwa cha ntchito yeniyeniyo.

"Ndiye kuti," ndinatero, "ndikafa, amayi alandira malipiro a chaka. Koma ndikadwala chaka chathunthu osafa?"

Mayi uja anatukula mapewa, osati mwamwano ayi. Yankho linali lodziwikiratu.

Ndinatuluka mu ofesimo ndikuganiza za anzanga omwe tinamaliza nawo sukulu. Ambiri alibe n'komwe kontirakiti yoti awerenge. Wina amajambula zithunzi pa maukwati, wina amagulitsa zovala pa Facebook, wina amalemba nkhani n'kulipidwa iliyonse payokha. Kwa iwo ngakhale masabata 12 aja kulibe. Tsiku limene sadzuka ndi tsiku limene ndalama siilowa. Inshuwalansi yawo ndi abale, ndipo nthawi zambiri m'bale wake ndi mmodzi yemweyo amene aliyense akumudalira.

Sindinapeze njira yamatsenga, koma pali zochepa zimene ndasintha. Ndinatsegula akaunti ina yomwe ilibe khadi, ndipo malipiro akangolowa ndimasunthirako kangachepe ndisanalipire china chilichonse. Cholinga changa ndi lendi ndi chakudya cha miyezi itatu. Sindinafikebe, koma ndadutsa mwezi umodzi. Pabanja tinakhalanso pansi, achemwali ali pa foni, n'kugwirizana kuti fizi tizigawana, ndipo amayi awonjezere mbuzi. Denga lonse lisakhalenso pa mzati umodzi.

Ndipo ndikakumana ndi mnzanga amene wapeza ntchito, kaya ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku Manchester, ndikamaliza kumuyamikira ndimamufunsa mafunso omwe amaoneka ngati amwano. Ukadwala, malipiro athunthu ndi a masabata angati? Akatha amenewo pamabwera chiyani? Pali inshuwalansi yolowa m'malo mwa malipiro, kapena ya moyo ija ili ndi gawo la munthu wolumala? Ngati ilipo, umadikira nthawi yaitali bwanji, ndipo imatha liti? Ena amandiseka kuti ndikuwalosera zoipa. Ndimangowauza kuti safunsa anadya phula, ndipo achemwali anga, ndi madigiri awo onse, anatsala pang'ono kulidya.

Kwa amene muli ndi m'bale yemwe akudwala ali pantchito ndipo akukamba zosiya, ndikupempheni chinthu chimodzi. Musamukakamize kubwera kapena kukhala musanaone mapepala ake. Munthu wodwala amatopa, amachita manyazi, ndipo amafuna kungothana nazo. Inuyo amene mutu ukugwira, muwerengereni mpaka tsamba lomaliza. Mwina simupezamo kanthu. Mwinanso mupezamo miyezi imene akufunika kuti achire.

Kalata ija ikadali mu foni yanga. Sindinaikonze ngakhale liwu limodzi, ndipo pa mpata wa notisi pakadali pabwalo. Nthawi zina ndikamafufuta zinthu kuti ndipeze malo ndimaipeza, n'kuisiya.

Lamlungu lapitali foni inalira madzulo monga mwa nthawi zonse. Ndinayankha mtima uli m'mwamba pang'ono, chifukwa chizolowezi chimenecho sichinandichokebe.

"Iwe," anatero achemwali, "magetsi alipo kumeneko?"

Analibe. Koma sindinadandaule.